Ndemanga yanga pa bokosi la masewera a nyimbo zophunzitsira Chifalansa

Ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana pa zifukwa zomwe ndifotokoze, kuti aphunzitsi anzanga amene mukulingalira zogula mudziwiretu chomwe mukalandire. Ndimaphunzitsa Chifalansa pa sukulu ina ya sekondale ya boma kuno ku Chipata. Bokosili tinaitanitsa kusitolo ina ya mabuku ku Lusaka, linabwera pa basi, ndipo taligwiritsa ntchito chaka chatha ndi ana ongoyamba kumene chilankhulochi.

M'katimo muli memori khadi ya nyimbo, makadi a mawu ndi zithunzi, mapepala a nyimbo okhala ndi mipata yoti ana adzazemo, ndi kabuku ka mphunzitsi. Sipika mulibe, ngakhale pa chithunzi chotsatsira malonda imaoneka ili pambali pa bokosi. Imeneyo mugula nokha. Nyimbo iliyonse ili pawiri, ina yokhala ndi mawu a woimba, ina ya zoimbira zokhazokha.

Masewera amene agwira mtima ana anga ndi olanda khadi. Mumayala makadi pa desiki, gulu lizungulira, nyimbo iyamba, ndipo amene wamva mawu omwe ali pa khadi amalitsomphola msanga. Pali mtsikana wina wokhala kumbuyo pafupi ndi zenera, amene teremu yonse yoyamba ndikamufunsa funso ankangoyang'ana pansi n'kumakanda desiki ndi chala. Tsiku lina tikusewera ndinamuona dzanja lili m'mwamba pamwamba pa khadi la mbalame, milomo ikuyenda patsogolo pa woimba, akudikira kuti mawuwo afike. Atalitola anatchula yekha mokweza, osauzidwa ndi munthu. Poimba palibe amene amamuyang'ana payekha, manyazi amathera m'gulu, ndipo pakamwa pamazolowera.

Chifukwa chomwe njirayi ikuthandizira ana athu n'chosavuta kuchiona. Chichewa timawerenga monga momwe chalembedwera, chilembo chilichonse chimamveka. Chifalansa sichitero. Zilembo zambiri zakumapeto sizitchulidwa, kenaka zina zomwe zinali chete zimadzuka zikakumana ndi mawu otsatira. Mu les amis (abwenzi), s woyambayo amamveka ngati z n'kulumikiza mawu awiriwo, pomwe s womaliza samveka konse. Mwana amene wayamba kuona zimenezi pa bolodi amawerenga kuti "lesi amisi", ndipo kumuchotsa pamenepo ndi ntchito yaikulu. Akayamba ndi nyimbo, khutu limagwira kamvekedwe maso asanaone kalembedwe. N'chifukwa chake mapepala odzaza mipata aja sindiwagawa tsiku loyamba monga kabuku kamanenera, ndimayamba ndadikira kuti nyimbo ikhazikike.

Manambala nawo, amene aphunzitsi tonse timadziwa kuti amaliritsa ana, apepukako. Kufika 69 zimayenda, koma 70 amati soixante-dix, kutanthauza 60 ndi 10, pomwe 80 ndi quatre-vingts, ma 20 anayi, ndipo 90 ndi quatre-vingt-dix. Pa masewera ake ana amapatsirana mpira nyimbo ikulira, ikangoima amene mpira uli m'manja mwake atchule nambala yotsatira. Ife timagwiritsa ntchito mpira wachikulunga womwe anyamata anamanga ndi mapulasitiki. Aliyense amawerenga chamumtima chifukwa sadziwa kuti nyimbo iima liti, ndiye ngakhale amene mpira sunamufike waphunzira. Chimene kabuku sikanena n'chakuti ku DR Congo, monganso ku Belgium, 70 amati septante ndipo 90 amati nonante. Ndimawonjezera ndekha, pakuti mwana wa ku Zambia akadzamva Chifalansa kunja kwa kalasi, kawirikawiri adzachimva kwa munthu wa ku Lubumbashi kapena pa malire a Kasumbalesa asanakumane ndi wa ku Paris.

Tsono zondidandaulitsa. Amene anakonza bokosili ankaganiza kalasi la ana ochepa, lokhala ndi malo oti n'kuthamangamo. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi athu ndi odzaza, ndipo ine ndimakondwa nazo, chifukwa ambiri mwa ana amenewa akanakhala ali kunyumba. Koma m'kalasi mwanga muli ana opitirira 70, atatu pa desiki imodzi, ndipo makadi a m'bokosi amakwanira timagulu tochepa chabe. Tinakapempha makatoni pa msika wa Kapata, ana anadula n'kukopera okha makadi ena. Masewera othamanga timakachitira panja pansi pa mtengo wa mango, zomwe zimathandizanso kuti aphunzitsi a masamu a kalasi loyandikana asavutike ndi phokoso. Ndikukulangizani kuti mukambirane ndi ahedi musanayambe, muwaitane adzaonere phunziro limodzi, chifukwa munthu wongodutsa pakhonde amaganiza kuti ana akungosewera.

Chomwe chinathetsa vuto la kuchulukana si cha m'kabuku ayi, n'chathu chomwe. Ana athu safunika kuphunzitsidwa kuimba moyankhizana. Anakulira nazo pa nthano zamadzulo, m'kwaya ya kutchalitchi ndi pa masewera a pabwalo. Ndimasankha mmodzi wa mawu amphamvu kuti atsogolere, mzere wina ufunse, mzere wina uyankhe. Nyimbo ya aneni être (kukhala) ndi avoir (kukhala ndi), imene pa memori khadi amaimba munthu mmodzi, ife tinaigawa chotero: mtsogoleri aponya je, kalasi lilandira suis, aponya nous, lilandira sommes. Posakhalitsa anyamata akumbuyo analowetsamo besi, atsikana n'kuyamba kuwomba m'manja, osauzidwa. Pamenepo ana 70 aja amasanduka mwayi. Okonza bokosi akanabwera kudzaona zimenezi, ndikhulupirira akanalemba kabuku kawo mwa mtundu wina.

Nkhani za m'nyimbo zina n'zakutali ndi moyo wa mwana wa kuno. Mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, mwana akuimba za chipale chogwa kumwamba ndi sitima zoyenda pansi pa nthaka. Si zoipa kuti adziwe za kwa eni chilankhulo, koma woyamba kumene amafuna mawu oti anenere zomwe akuziona. Apa m'pamene nyimbo za zoimbira zokha zija zinatipulumutsa. Timachotsa mawu awo n'kuikamo athu: chimanga, nsawa, mvula, msika, njinga zonyamula anthu zomwe zili ponseponse m'tauni muno. Gulu lililonse limapeka ndime yake n'kuimbira anzawo, ndipo mawu amene mwana wawafufuza yekha m'dikishonale sawaiwala msanga.

Vuto limene landikhudza kwambiri, ndipo ndi limene ladya nyenyezi ija, ndi ili. Poimba Chifalansa, oimba amatchula e wakumapeto amene polankhula samveka, kuti mawu akwanire m'kayimbidwe. Mawu ngati table kapena porte amatuluka ndi kamchira. Ana athu ali kale ndi chizolowezi chowonjezera a, e, i kumapeto kwa mawu achilendo, chifukwa m'Chichewa mawu amathera pa zilembo za liwu. Ndiye nyimbo, ikasiyidwa yokha, imalimbikitsa chizolowezi chomwe tikufuna kuchichepetsa. Kabuku sikachenjeza za ichi ngakhale pamzere umodzi. Mphunzitsi watsopano akhoza kutha chaka osadziwa kuti vuto likuchokera kuti. Ine tikatha kuimba, timanenanso ndime yomweyo molankhula, pang'onopang'ono, ana amve kusiyana kwake.

Musayembekezerenso kuti nyimbo ziphunzitsa kulemba. Kumva ndi kulankhula kwapita patsogolo moonekeratu, koma masipelo sanasinthe mpaka nditayamba kupatula mphindi 10 zomaliza za piriyodi ya mphindi 40 kuti alembe zomwe aimba ndikuwatchulira. Mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia, amafuna mwana wodziwa kuwerenga ndi kulemba, ndiye bokosili likhale lothandizira buku la silabasi, lisalowe m'malo mwake.

Za kulimba kwake, makadi ndi okutidwa ndi pulasitiki ndipo apirira manja ambiri. Mapepala a nyimbo ndi opyapyala, nthawi ya dzinja anayamba kunyowa m'kabati, choncho chitani fotokope n'kusunga enieniwo. Ndayamikira kuti nyimbo zili pa memori khadi, sizifuna intaneti kapena bandulo. Amene tinaona kuzimazima kwa magetsi mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, tikudziwa ubwino wa chipangizo chongofuna sipika yotchaja pa sola. Gulani sipika yamphamvu ndithu, tija tating'ono ta m'thumba mawu ake safika kumbuyo kwa kalasi.

Ogulitsawo amayankha msanga pa WhatsApp, ndipo ndinawafunsa ngati ali ndi bokosi lotere la Chipwitikizi. Kuno kum'mawa Mozambique ndi pafupi, kudzera ku Katete mpaka pa malire a Chanida, ndipo makolo ena amene amachita malonda njira ya ku Tete amandifunsa ngati ana awo angaphunzireko. Anandiyankha kuti pakadali pano alibe. Ndawapempha kuti akamadzakonzanso la Chifalansali awonjezere makadi, alembemo chenjezo la e uja, ndipo pa oimba aikemo ndi mawu a anthu a ku Congo kapena ku Senegal, ana athu amve kuti anthu a mu Africa muno nawonso ndi eni ake a chilankhulochi.