Nhamo, Sade kapena William: buku liti mwa atatuwa loyamba kumugulira mwana?

Makolo ndi aphunzitsi anzanga, ndalama ikangokwana buku limodzi, tisamangotengeka ndi chidindo cha mphoto pachikuto. Mabuku atatu awa ndi a Chingerezi, onse akukamba za ana a mu Africa ndipo onse analemekezedwa kunja, koma aliyense ali ndi mwana amene angamuyenere.

A Girl Named Disaster, la Nancy Farmer, linatuluka mu 1996 ndipo mu 1997 linalandira Newbery Honor, ulemu wa mabuku a ana ku America. Dziwani kuti Honor si mendulo yeniyeniyo, amapatsa mabuku amene atsatira wopambana. Nkhani yake ndi ya Nhamo, mtsikana wa Chishona wa m'mudzi wina ku Mozambique. Kolera itagwa m'mudzimo, akuluakulu akugwirizana zomukwatitsa kwa bambo wankhanza wamitala kuti mzimu wokwiya uleke kuwavutitsa. Agogo ake aakazi akumuthawitsa pa bwato kuti akafune bambo ake ku Zimbabwe, koma akusochera pa nyanja ya Cahora Bassa, n'kukhala miyezi yambiri yekhayekha pa chilumba cha anyani. Farmer anagwirapo ntchito pa nyanja imeneyi, n'chifukwa chake za nsomba, mizu yodya ndi njala zikumveka kuti anaziona ndi maso. Ine pa atatuwa ili ndilo lolembedwa mwaluso kwambiri. Koma ndi lalitali, ndipo pakati pake Nhamo alibe wocheza naye kupatula mizimu ndi nthano zimene akudzisimbira yekha. Mwana wosazolowera kuwerenga adzalisiya pomwepo.

The Other Side of Truth, la Beverley Naidoo wobadwira ku Johannesburg, ndilo linatenga mendulo yonse: Carnegie Medal ya ku Britain ya chaka cha 2000. Ili silichedwa. Tsamba loyamba lomwe, mayi a Sade akuwomberedwa ku Lagos, ku Nigeria, chifukwa cha zimene bambo ake, mtolankhani, amalemba zodzudzula boma la asilikali. Ndi mu 1995, Ken Saro-Wiwa, mlembi wa ku Nigeria amene ankatsutsa bomalo, atangonyongedwa kumene. Sade wa zaka 12 ndi mlongo wake Femi akuzembetsedwa kupita ku London, kumene mayi wina amene anawaperekeza akuwataya. Mitu yake ndi yaifupi, Chingerezi chake n'chofewerapo kusiyana ndi cha Farmer. Kwa ana athu amene akukulira ku Britain kapena ku South Africa, amene amadziwa kusekedwa kusukulu chifukwa cha dzina ndi kalankhulidwe, ndingasankhe limeneli osaganiza kawiri. Wochepera zaka 11 aliwerenge pamodzi ndi munthu wamkulu, poti imfa ya mayi ija ndi yolemera.

Lachitatu ndi lathu lomwe, The Boy Who Harnessed the Wind, la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer. Si nthano yopeka. William wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002 chifukwa chosowa fizi, n'kupanga makina otulutsa magetsi ndi mphepo atawona chithunzi m'buku la mu laibulale. Apa pofunika kusamala pogula, chifukwa mutu umodzi womwewu uli ndi mabuku atatu. La akuluakulu la 2009 ndilo linalandira Alex Award mu 2010, mphoto ya mabuku olembera akuluakulu amene achinyamata a zaka 12 mpaka 18 angawakonde. La zithunzi, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon, linabwera mu 2012, ndipo lofupikitsidwira ana okulirapo linatuluka mu 2015.

Pa luso la kalembedwe, la William silifika pa la Farmer. Koma mwana wa Sitandade 8 kapena Fomu 1 akapezamo gaga, ganyu ndi mizere ya pa ADMARC, Chingerezi chimasiya kumuopsa chifukwa zimene akuwerengazo anazimvapo kwa agogo ake. Choncho amene akuyamba kumene, mugulireni la 2015 lija, ngakhale mphoto inapita kwa la akuluakulu. La Nhamo musungire mtsikana kapena mnyamata amene wamaliza kale mabuku angapo payekha ndipo akukufunsani lina.