Mwana wapita kukoleji kuchigawo china: unzika wa ulenje ndi mapointi zitsale kuti?

Ku America nyama zakutchire zimayang'aniridwa ndi boma la chigawo, ndipo chigawo chilichonse chimayamba chakondera anthu ake. Mu 2024 tagi (chilolezo chophera nyama imodzi) ya elk, nyama yaikulu ya mtundu wa gwape, ku Wyoming inali madola 57 kwa munthu wa komweko ndi madola 692 kwa mlendo, pamene mlendo wofuna kulowa maere apadera ankalipira 1,950. Anthu anadandaulapo kalekale, koma mu 1978 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Baldwin, linagamula kuti chigawo cha Montana sichikulakwa polipiritsa alendo ndalama zambiri posaka elk. Ndiye mwana amene wakula akutsagana ndi bambo ake kuulenje, makolo akumulembetsa chaka ndi chaka maere olimbirana matagi, mmene wosawina amasonkhanitsa mapointi, akapeza malo pakoleji ya kuchigawo china, pakhomo pamabuka mafunso awiri. Kodi a zanyama azimuwerengabe ngati nzika ya chigawo chakwawo? Nanga mapointi aja atha bwanji?

Anthu amawaphatikiza mafunsowa, chonsecho ngosiyana. Mapointi kawirikawiri safa chifukwa choti munthu wasamuka, amafa chifukwa choti wasiya kulembetsa. Chimene chimatayika mosavuta ndi unzika wa chigawo, ndipo nthawi zambiri chimautaya ndi kapepala kamene mwanayo anasaina osakaganizira n'komwe.

Tiyambe ndi mapointiwo. Alipo amene amatchedwa preference points, monga a ku Colorado. Awa ali ngati mzere wa kuchigayo: wafika kale ndiye agaya, wakumbuyo adikire. Ena ndi bonus points, monga a ku Arizona, Nevada ndi Montana, amene amangochulukitsa mwayi wa munthu pamaere osamulonjeza kanthu. Nevada ndi Montana amachulukitsa nambala ya mapointi ndi nambala yomweyo, moti wa mapointi 5 ali ndi mphamvu ya 25 pamene wa mapointi 10 ali ndi ya 100. Pamenepa chaka chimodzi chophonya chimawawa kwambiri kumapeto kuposa kumayambiriro. Za kufufutidwa kwake, Wyoming ndi Nevada ngouma mtima: zaka ziwiri zotsatizana osalembetsa, mapointi onse a nyama imeneyo apita. Arizona imadikira zaka zisanu, Colorado zaka khumi. Idaho ndi New Mexico alibe mapointi ayi, aliyense amayamba mofanana chaka chilichonse, choncho mwana wa kumeneko nkhawa yake ndi ya unzika basi.

Njira yoyamba ndiyo kusagwedeza kanthu. Mwana apite kukaphunzira, koma mapepala ake onse atsale akunena zakwawo: laisensi yoyendetsera galimoto, nambala ya galimoto, kaundula wa mavoti, ndi adiresi ya pa mafomu a msonkho. Malamulo a zigawo zambiri anaganizira kale za ophunzira. Utah imanena kuti munthu wochoka chifukwa cha usilikali, ntchito ya chipembedzo kapena maphunziro amakhalabe nzika, bola asadzitche nzika ya kwina pa nkhani ya ulenje, usodzi kapena kutchera misampha. Montana, imene munthu wamba amayenera kukhalamo masiku 120 pachaka kuti asunge unzika, imamumasula wophunzira amene ali pakoleji ya kunja kwa chigawo nthawi zonse. Wyoming imachotsa unzika kwa munthu wokhala kwina masiku 180 pachaka, koma wa pasukulu ali m'gulu la amene lamuloli siliwakhudza.

Mtengo wa njira imeneyi ndi fizi. Koleji ya boma imalipiritsa mwana wa kuchigawo china ndalama zambiri kuposa wa komweko, ndipo kusiyana kwake pachaka chimodzi chokha kumaposa matagi onse amene angagule pa zaka zinayi. Kwa a kumadzulo kuli pothawira. Dongosolo la Western Undergraduate Exchange, limene amalidula kuti WUE, limalola mwana wa chigawo chimodzi kuphunzira m'makoleji ena a zigawo zinzake pa fizi yosapitirira 150 peresenti ya imene nzika imalipira. Chokoma kwa mlenje n'chakuti kuchotserako kumabwera chifukwa choti ndinu nzika yakwanu, ndiye palibe chimene chikukukokerani kuti musinthe mapepala.

Misampha ili pa zinthu zing'onozing'ono. Nthawi ya zisankho pamakoleji pamakhala matebulo olembetsa anthu kuvota, ndipo wophunzira ali ndi ufulu wovotera kumene akuphunzira. Ufulu ulipodi, koma lamulo la Colorado limati unzika wa ulenje umatha munthu akalembetsa kuvota kunja kwa Colorado, akatenga laisensi ya galimoto ya adiresi ya kwina, kapena akagula laisensi ya nzika ya ulenje ngakhale ya usodzi kuchigawo china. Imeneyi ya usodzi ndiyo ndimaiopa kwambiri. Anzake amutenga Loweruka kuti tiye tikawedze, pasitolo wamufunsa adiresi, iye watchula ya kuhositelo, wogulitsa wadina batani la nzika, nkhani yatha. Amene akufuna kusunga zakwawo avote kudzera pakalata, agule laisensi ya mlendo ya tsiku limodzi, ndipo akapeza kaganyu adzaze fomu ya msonkho ya munthu wosakhala m'chigawocho.

Palinso vuto limene lamulo silingathetse, la mtunda. Nyengo yosaka ndi mfuti imagwa mu Okutobala ndi Novembala, temu ili pakati. Mwana wa ku Montana ali ndi mwayi chifukwa nyengo ya kumeneko imatenga masabata asanu n'kutha Lamulungu lotsatira chikondwerero cha Thanksgiving cha kumapeto kwa Novembala, ndiye tchuthi chimamupatsako masiku angapo. Amene akudziwa kuti sabwera asalowe maere a tagi yeniyeni, angogula pointi, chifukwa kuwina tagi imene simukaigwiritsa ntchito n'kuwotcha mapointi a zaka zambiri pachabe.

Njira yachiwiri ndiyo kusamuka kotheratu, kukhala nzika ya kumene kuli koleji. Imakopa chifukwa cha fizi, ngakhale makoleji ambiri amafuna miyezi 12 ndipo kwa mwana wodalirabe makolo amayang'ana kumene makolowo akukhala. Malamulo a fizi ndi a ulenje sayendera limodzi. Pa ulenje, New Mexico imafuna masiku 90, Montana masiku 180, Colorado, Arizona, Utah ndi Idaho miyezi isanu ndi umodzi, Wyoming chaka chathunthu. Pakati apa pali nthawi imene mwana amakhala mlendo konsekonse, kwawo wataya kale, kwatsopano sanakwanitse. Ngati tsiku lotseka maere ligwa m'nthawi imeneyi, chaka chimenecho alembetsa ngati mlendo basi.

Amene amapindula nayo ndi wochokera kumene kulibe nyama za m'mapiri, tinene Ohio kapena Illinois, akupita kukoleji ya ku Laramie (Wyoming) kapena Bozeman (Montana) ali ndi mtima wokhazikika komweko akamaliza. Nzika ya Wyoming imagula tagi wamba ya elk pakauntala popanda maere, ndipo imalowa yokha m'madera otetezedwa a wilderness, mmene mlendo saloledwa kusaka nyama zikuluzikulu popanda womutsogolera. Koma ngati anali atasonkhanitsa mapointi a elk ngati mlendo, adziwe kuti pamaere a nzika alibe ntchito, chifukwa nzika za Wyoming sizikhala ndi mapointi a elk, agwape kapena pronghorn (nyama yonga nswala).

Mfundo yomweyi ikatembenuzidwa imaonetsa amene njirayi imamupweteka kuposa wina aliyense. Mwana wa ku Wyoming akataya unzika amakaima kumapeto kwa mzere wa mapointi a alendo umene unayamba mu 2006, alibe pointi ndi imodzi yomwe. Mapointi ake a moose (gwape wamkulu koposa) ndi nkhosa za m'mapiri, amene nzika zimakhala nawo, amamutsatabe, koma kuyambira mu 2023 nzika zimatenga 90 peresenti ya matagi amenewa, alendo n'kulimbirana 10 yotsalayo. Mapointi ndi omwewo, khomo ndilo lachepa. Wa ku New Mexico nayenso amachoka pagulu lolandira 84 peresenti ya matagi n'kugwera pa 6 peresenti ya alendo osaka popanda wowatsogolera. Kwa ana a zigawo ziwirizi, ine ndimati fiziyo iyambe yatsimikizika polemba asanakhudze pepala lililonse.

Njira yachitatu ndi imene imasocheretsa anthu ochenjera: kugula laisensi ya wophunzira kumene kuli koleji, uku mapepala ali kwawo. Ilipo mitundu iwiri yooneka mofanana. Mtundu wina chigawo chimamuwerenga wophunzirayo ngati nzika. Colorado imatero kwa amene waphunzira kumeneko nthawi zonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, New Mexico kwa amene wamaliza temu yathunthu, Utah kwa amene wakhalako masiku 60 otsatizana. Koma Utah yomweyo imaika malire akuti asakhale akudzitcha nzika ya ulenje kwina. Ndiye laisensi imeneyi si yowonjezera pa yakwanu, ndi yosinthanitsa nayo. Mtundu wina ndi monga wa ku Montana, kumene ophunzira ochokera kunja amagula laisensi yotsitsidwa mtengo koma imakhalabe ya mlendo. Imeneyi ndiyo imayenderana ndi kusunga unzika wakwanu, ngakhale ine ndingayambe ndalembera ofesi ya zanyama yakwathu kuti andiyankhe pa imelo. Mawu a pafoni sangakuthandizeni tsiku limene woyang'anira nyama wakuimitsani m'tchire.

Wina anganene kuti ndani adziwe? Malaisensi masiku ano ali pakompyuta, ndipo ofufuza amayerekeza mayina ndi kaundula wa mavoti komanso wa magalimoto. Kunama za unzika ndi mlandu, ndipo sukhala m'chigawo chimodzi. Pangano la Interstate Wildlife Violator Compact, limene linayamba mu 1989 ndi Colorado, Nevada ndi Oregon, tsopano lili ndi pafupifupi zigawo zonse, moti akakulandani ufulu wosaka kumodzi, kwinako angakutsekereninso. Munthu woimitsidwa zaka zingapo sangalembetse maere, ndipo m'chigawo cha zaka ziwiri zija mapointi amathera pomwepo. Nyama yophedwa ndi tagi yabodza ikadutsa malire a chigawo, lamulo la dziko lonse la Lacey Act la mu 1900 limalowapo.

Arizona ili ndi chake chimene sichipezeka m'zigawo zonse. Nzika ingagule laisensi ya moyo wonse, ndipo ikadzasamuka imalipira matagi pa mtengo wa mlendo koma simangidwa ndi malire a 10 peresenti amene alendo amapatsidwa pamaere. Imagulidwa munthu akadali nzika, choncho nthawi yake ndi mwana asananyamuke. Kumenekonso kuli pointi ya kukhulupirika imene imabwera munthu akalembetsa zaka zisanu zotsatizana, ndipo imachoka akangodumpha chaka.

Kwa amene anabwera ku America pa viza ya maphunziro nkhani imayambira patali pang'ono. Lamulo la dziko lonse limaletsa wa viza yotere kugwira mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo chimodzi mwa izo n'kukhala ndi laisensi ya ulenje imene ikugwira ntchito.

Ndikaika njira zitatuzi pambali pambali, mwana wochokera kuchigawo cha nyama zambiri asunge zakwawo, ndipo kholo litenge udindo wa kalendala, chifukwa maere amatseka nthawi imene wophunzira mutu uli pa mayeso: elk ya ku Arizona mu Febuluwale, New Mexico mu Malichi, Montana ndi Colorado kumayambiriro kwa Epulo, pamene mapointi a Wyoming amagulidwa kuyambira Julayi mpaka kumapeto kwa Okutobala. Wochokera kuchigawo chopanda maere a phindu ndiye ali ndi ufulu wosankha, ndipo laisensi ya wophunzira ya ku Colorado kapena Utah imamupatsa zaka zingapo zosaka elk pa mtengo wa nzika osataya chilichonse chachikulu.

Chitetezo cha wophunzira chimatha ndi sukulu. Akalandira digiri n'kuyamba ntchito kuchigawo china, tinene ku Denver kapena Seattle, masiku 180 a Wyoming ndi 120 a Montana amayamba kumuwerengera ngati munthu wina aliyense, ngakhale chipinda chake kwa makolo chikadali ndi bedi lake. Pamenepo wa ku Montana amatsala ndi malaisensi apadera amene chigawocho chinakonzera ana ake osamuka, monga ya Come Home to Hunt, imene imafuna kuti wachibale amene akadali nzika amuimire.