Kulemba katswiri wakupsa kale kapena kusula wanu: zomwe taona kuno ku Mzuzu

Kumayambiriro kwa 2024 mapasipoti anasiya kusindikizidwa chifukwa akathyali anathyola makompyuta a ku Immigration n'kumafuna dipo. Ife ku kabungwe kathu kosunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Mzuzu tinachita nthumanzi, poti ngati aboma zawaonekera, nanga ife? Tinakhala pansi n'kuyeza njira zitatu: kulemba katswiri wa chitetezo cha makompyuta wakupsa kale, kusula wachinyamata wathu, kapena kumangoitana kampani.

Wakupsa kale amakoma ndithu. Munthu wa satifiketi ya CISSP, yomwe ndi ya akatswiri a chitetezo cha makompyuta, amakhala atagwira ntchitoyi zaka zisanu, ndiye safunika kumuuza pomwe pali chiboo. Koma munthu woteroyo mukulimbirana ndi mabanki ndi makampani a foni a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Malipiro omwe anatchula mmodzi pa intaviyu anaposa a manijala wathu, ndipo anafunsiratu ngati angamagwirire ntchito ali ku Lilongwe. Sindimuda, luso lake ndi lodula. Kungoti kwa ife nsapatoyo inakula.

Pa intaviyu yomweyo ndinaphunzirapo kanthu. Tinaika laputopu patebulo, n'kutsegula mndandanda wa anthu omwe analowa mu sisitemu sabata imodzi, n'kufunsa aliyense kuti, “Mwaona chiyani apa?” Bambo wina wa mapepala ambirimbiri anayamba kutilongosolera za ma firewall, zotchingira makompyuta kuti osaloledwa asalowemo. Mtsikana wina wongomaliza kumene ICT ku Mzuni anakhala phee, chala chikutsika pa sikirini, kenako anati, “Bwana, akaunti iyi ikulowa 2 koloko usiku. Mwini wake amagwira usiku?” Mwini wakeyo anali atasiya ntchito kalekale, akaunti osatsekedwa. Ndinatuluka thukuta ngakhale kunja kunali chisanu cha mu Juni.

Kusula wanu ndiye njira yomwe ndimaikonda, koma musanamizidwe kuti ndi yotchipa. Mayeso a CompTIA Security+, opezera satifiketi yoyambira pa ntchitoyi, amalipiridwa m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake umaluma, kuwonjezera kuvuta kopeza forex ku banki. Chothandiza n'chakuti poyambira pali paulere: Cisco Networking Academy ili ndi maphunziro oyambira osalipira, ndipo pa webusaiti ya TryHackMe munthu amayeserera kuthyola ndi kuteteza makina ongophunzirirapo. Achinyamata aliponso, a ku Mzuni pa Luwinga pompa, ena ochokera ku MUST ku Thyolo komwe amaphunzitsa Computer Systems and Security.

Chodula kwenikweni ndi nthawi. Ngati mwana wa IT mukumutumabe kukonza printa, kuika toner ndi kulumikiza projekita ya msonkhano, sadzaphunzira kanthu. Mupatseni masana awiri pa sabata oti wina asamugogodere. Musainiranenso pangano loti mukamulipirira mayeso akhale nanu zaka zingapo, apo ayi mudzalimira ena. Ubwino wake, wanuwanu amadziwa anthu ake. Amadziwa yemwe amamata pasiwedi pansi pa kiyibodi, yemwe amadina linki iliyonse ya pa WhatsApp, ndipo membala wachikulire akaimbiridwa foni ndi wakuba womufunsa PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, amamukhazika pansi n'kumufotokozera m'Chitumbuka. Kuipa kwake, amakhala yekha wopanda wamkulu womuwongola, ndipo chaka choyamba mumagona ndi mantha.

Kampani yakunja njabwino pa chinthu chimodzi: kubwera kamodzi pa chaka kudzayesa kuthyola sisitemu yanu n'kukulemberani lipoti. Funsani ngati ali ndi munthu wa satifiketi ya OSCP, poti mayeso ake ndi othyoladi makina kwa maola pafupifupi 24, osati ochonga mayankho. Koma zinthu zikavuta Lachisanu madzulo, iwo ali kutali, msewu wa M1 uli pakati. Ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe amaliyang'anira a MACRA, udindo wosamala zinsinsi za mamembala limausiya pamutu panu ngakhale mutalemba kampani.

Ife tinatenga mtsikana uja. Sabata yoyamba anatseka maakaunti onse a anthu omwe anachoka, ndipo pano akuwerengera Security+ Lachiwiri ndi Lachinayi masana, chitseko chotseka. Akampani tawasungitsa kuti adzabwere mvula ikatha, adzayese zomwe wamanga.