Methylene blue kapena phosphatase: kuyeza mkaka ku Britain nkhondo itatha

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, oyendera zaukhondo a m'makhonsolo ku Britain ankatenga mkaka kwa ogulitsa n'kukauyezetsa m'njira ziwiri.

Methylene blue: ankathira utoto wabuluu mumkaka n'kuusunga pa 37°C. Tizilombo tikachuluka, utotowo unkazimirira msanga, mkaka n'kuyeranso mbee.

Phosphatase: njira ya 1935 ya asayansi awiri, Kay ndi Graham, yoona ngati mkaka unatenthetsedwa mokwanira. Phosphatase ndi chinthu chachilengedwe chopezeka mumkaka, chomwe chimawonongeka mkaka ukatenthetsedwa bwino.

Yoyamba ndi yotsika mtengo komanso yosavuta. Yachiwiri imafuna mankhwala ambiri ndi katswiri.
Yoyamba imaulula uve basi. Yachiwiri imagwira mkaka wosatenthetsedwa bwino, womwe unkatha kupatsira ana TB ya ng'ombe. Kwa ine, apa mpamene pagona nkhani.

Mkaka wongokamidwa kumene, methylene blue. Wotenthetsedwa kufakitale, phosphatase.