Makiyi a besi yakale akukonzedwa pa Nchalo pompano

Inu oyimba besi kuno ku chigwa, makamaka a mabandi a ku tchalitchi, makiyi a gitala, aja timapotokola pochuna mawaya, akauma kapena akayamba kugwedera musathamangire kuwazula nkuika atsopano. Pa Nchalo pali madala ena okonza mawotchi ndi makina osokera, kabenchi kawo kali pakhonde la shopu chakumsika, chikwangwani alibe koma anyamata a kabaza amawadziwa. Amenewo ndi amene anakonza makiyi a besi yathu nde ndati ndinene mmene ntchito yawo ilili, zabwino ndi zondinyansa zomwe.

Besi yake ndi ya ku Japan ya m'ma 1970, zija ankakopera besi ya ku America yotchedwa Fender Jazz Bass, makiyi anayi onse mbali imodzi, akuluakulu aja giya yake ili poyera yosavindikira. Nthawi ya Freddy mu 2023 madzi sanaifike koma inakhalitsa m'chikesi chonyowa, dzimbiri linalowa, kenako fumbi lathu lija la mu Okutobala nkudzamatirira pa girizi wakale. Kiyi ya waya wa E inauma moti kuipotokola mpaka chala kuwawa, ya G inkayenda pachabe kaye isanayambe kukoka waya, pochuna umangoona wapitirira.

Ine ndimati mwina angothira oyilo basi. Ayi ndithu, anamasula kiyi imodzi imodzi, iliyonse tizidutswa take m'kachitini kakekake, akuti giya ndi chitsulo chopota chija chimaiyendetsa zinadyana limodzi zaka zonsezi nde ukasinthanitsa ndi za kiyi ina mano sagwirananso bwino. Ananyika mu palafini, kutsuka ndi mswachi wakale, dzimbiri la pa mbale kulichotsa ndi kasitiliwulu pang'onopang'ono osapala mpaka kuwala kwa pamwamba kuchoka. Giya zake ndi za mkuwa nde sizinachite dzimbiri, dzimbiri linagwira chitsulo chokha. Ya G ija vuto lalikulu silinali mano ayi, kasikuluwu kogwira giya kanali katamasuka komanso timakutu togwira ndodo ya kiyi tinali titatseguka, anatipana ndi pulayala atakulunga kansalu kuti isakande. Mabowo awiri a m'thabwa anali atakula sikuluwu ikungozungulira, anaikamo timitengo ta machesi ndi guluu wa matabwa, zitauma nkumanganso. Pomaliza kavaselini pang'ono pa mano, pang'ono zedi, chifukwa kuno girizi wambiri amangosungunuka ndi kutentha nkuyamba kutola mchenga.

Chimene chinandigwira mtima nchakuti munthuyu saimba gitala olo pang'ono koma giya amaimvetsa. Nditadandaula kuti besi imatsika yokha pakati pa nyimbo anaseka nkuti achimwene, giya ya mtundu uwu waya sangaibweze m'mbuyo olo akoke bwanji, yang'anani mmene mwakulungira. Ndipo nzoona, waya wa besi amafunika kulowa kaye m'bowo la pakati pa mtengo wa kiyi, kupinda, nkuzungulira kawiri katatu chotsika osakwerana. Komanso pochuna uziyambira pansi kukwera, ukapitirira tsitsa kaye nkukweranso, apo ayi kampata ka pa mano kaja kadzakutsitsira pakati pa kolasi anthu ali chiimire.

Tsono za kugula atsopano. Anzanga ena anandiuza kuti ndingokwera minibasi ndikasake seti ku Limbe, koma makiyi ang'onoang'ono ovindikira aja amalowa pa bowo la 14mm pamene mabowo a makiyi akale awa ndi aakulu, chapafupi 18mm, nde amangosewera m'menemo ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake, ndipo uyenera kuboolanso mabowo ena a masikuluwu pamutu pa gitala. Abwino monga a Gotoh, Schaller kapena Hipshot alipo a saizi yake koma nkuchita kuitanitsa kunja, ndalama yake bandi ya kumudzi iiwale. Zomwe ndinalipira pa Nchalo sizinafike olo thiransipoti yokwera phiri kupita ku Blantyre nkubwerako. Wina akakhala ndi Fender yeniyeni yakale ya m'ma 1950 kapena kuchiyambi kwa m'ma 1960 adziwenso kuti makiyi ake amazungulira chobwerera kusiyana ndi a masiku ano, sikuti aonongeka, anapangidwa choncho, ndipo kuwachotsa nkugwetsa mtengo wa gitala.

Zondinyansa nazo zilipo. Madalawa nthawi saisunga, akati mawa dziwani kuti ndi sabata ya mawa, makina osokera a matelala amakhala patsogolo chifukwa ndiwo makasitomala a tsiku ndi tsiku, nde ngati muli ndi ukwati Loweruka musapititse Lachinayi. Chachiwiri ali ndi dzanja lofulumira kunena zowotcherera. Chogwirira cha kiyi ya A chinkagwedera pa ndodo yake, iwo amvekere tipite nacho kwa owotcherera mageti, ndinakana chifukwa moto umene uja ukanatha kachitsuloko, mpaka anachita kuchimata ndi guluu wa zitsulo wosakaniza uja ndipo chagwira bwinobwino. Nde muzikhalapo pomwe akuyamba, mugwirizane kaye zochita. Sikuluwu imodzi inasowanso pabenchi pawo, anaikapo ina ya mutu wosiyana ndi zinzake, imagwira koma ukayang'ana kumbuyo imaoneka.

Kiyi ya G idakali ndi kampata pang'ono, mano ake anadyekako ndipo iwo ananeneratu kuti pamenepo sangapange zozizwitsa, koma zinazo zikuyenda mofewa ndi zala ziwiri. Mawaya sagulitsa, mubwere ndi anu, ndipo pitani m'mawa chifukwa dzuwa likafika pamutu amatseka kabokosi kawo nkukakhala pansi pa mtengo mpaka chakumadzulo.