Resto U ku France: chakudya cha ma euro atatu ndi makobiri, ndachiyesa

Amene mukukonzeka kubwera kudzaphunzira kuno mumangofunsa za fizi ndi viza, koma za mimba ayi, pomwe mimba ndiye imatha ndalama tsiku ndi tsiku. Ndiye lero ndikambe za resto U, malo odyera a ana a yunivesite omwe amayendetsedwa ndi CROUS, bungwe la boma lomwe limaonanso za ma hositelo. Ine ndili ku Montpellier, koma dongosolo lake ndi limodzi dziko lonse, kaya muli ku Lille kaya ku Toulouse.

Mtengo kaye. Chaka cha sukulu cha 2024 mpaka 2025 chakudya chathunthu chinali ma euro 3.30, ndipo mukati chathunthu ndiye chathunthudi: kambale koyambira monga saladi kapena karoti wopala, mbale yaikulu yotentha, kenako yogati kapena chipatso kapena kakeke, ndi kabuledi pambali. Madzi ndi aulere, mumangotunga mu jagi pampopi. Mtauni sandwich ndi chakumwa zimadutsa mtengo umenewu kutali, ndiye munthu ukawerengera mwezi wonse umaona wekha kuti boma likuikapo ndalama zambiri pa mbale imeneyi. Chaka chimenecho panalinso mtengo wa euro imodzi, womwe unayamba mu 2020 nthawi ya Covid, wa omwe anali pa bursary ya boma la France komanso omwe zinthu zinawathina. Ife obwera kunja ambiri bursary imeneyo sitilowamo, koma munthu unkatha kupempha mtengo umenewu kudzera ku ofesi ya social ya CROUS, unkapereka mapepala osonyeza ndalama zomwe umapeza ndi lendi yomwe umalipira ndiye ankaunika. Musachite manyazi aise, azungu eni dziko amapempha okha, iwe wochokera ku Ndirande uziti ndine bwana?

Kulipira kwake ndi kwa Izly, njira ya CROUS yolipirira pa khadi kapena pa foni. Mukangolembetsa ku yunivesite amakutumizirani uthenga pa imelo, mutsegule akaunti, muikemo ndalama kuchokera ku banki, basi pakauntala mumangogunditsa khadi la sukulu kapena kuonetsa QR code pa foni. Chitani zimenezi sabata yoyamba, chifukwa Izly ndiyo imasonyeza kuti ndinu mwana wasukulu woyenera mtengo wotsikawo. Ndipo imelo ya sukulu nayo muziitsegula, ambiri timaiiwala ife.

Tsopano kakomedwe. Apa ndinene chilungamo, lilime la kwathu limavutika masabata oyamba. Zakudya zake zilibe tsabola, mchere ndi wapatali, ndipo tchizi amaika paliponse, pa pasita, pa mbatata, pa masamba, mpaka umadabwa kuti kodi ng'ombe za kuno zimapuma? Ine ndimayenda ndi kabotolo ka Nali mchikwama, mnzanga wa ku Senegal poyamba ankandiseka pano amandipempha. Koma zina ndi bho zedi. Tsiku la couscous (timibulu ta tirigu ting'onoting'ono) ndi nkhuku ndi msuzi wa masamba ndimadya ngati ndili pa ukwati, imakhala yambiri ndipo imagwira mmimba mpaka madzulo. Mphodza zawo zophika ndi karoti ndi zabwino, nsomba ndi mpunga nazo sizikhumudwitsa. Mbale yopanda nyama imakhalapo, ndipo amalemba zomwe zili mu chakudya chilichonse, zomwe zimathandiza anzathu achisilamu ndi a Seventh Day omwe sadya nkhumba, chifukwa kuno nkhumba imabisala ngakhale mu saladi, timatidutswa ting'onoting'ono totchedwa lardons. Buledi ndiye osanena, ngakhale wa mu kantini ndi wokoma.

Ulemu wake ndi wosavuta koma osauphonya: mukafika pa amayi kapena abambo ogawa chakudya muyambe ndi bonjour. Mukangoloza chala osapereka moni nkhope imasintha pompo. Mukapereka moni ndi kumwetulira nthawi zina supuni imabwerera kachiwiri kkkk. Mukatha kudya mumanyamula tireyi yanu nokha, zotsala mu bini yake, mafoloko pake, mbale pake, palibe wokuchotserani.

Chofunika kudziwa ndi nthawi. Afalansa amadya nkhomaliro pa nthawi imodzi dziko lonse, ndiye 12 koloko ikangokwana makalasi onse amatuluka limodzi ndipo mzere umafika panja. Amatsegula cha mma 11:30, ndiye ngati kalasi yatha msanga thamangani, apo ayi dikirani ikwane 1 koloko koma dziwani kuti zokoma zija zimakhala zitatha. Cha mma 2 koloko atseka. Malo ambiri ndi a masana okha mkati mwa sabata, ochepa ndi omwe amatsegula madzulo, ndipo Loweruka, Lamlungu ndi nthawi ya holide muzidziphikira. Apa ndi pomwe Lidl, shopu ya zakudya zotchipa, imakupulumutsani, ndi ma shopu a anthu a ku Africa komwe mumapeza ufa wa chimanga ndi therere, nsima ya Lamlungu imatheka ndithu bola poto. Kuno ku Montpellier tilinso ndi mwayi woti tram (kasitima ka mtauni) ndi basi ndi zaulere kwa okhala mu mzindawu kuyambira Disembala 2023, bola mutenge pass yake, ndiye kupita kukagula zinthu kapena kukadya ku resto U ya kampasi ina sikudya ndalama.

Ine ndikuipatsa 4 pa 5. Imodziyo ndachotsa kaamba ka tchizi ndi Lamlungu.