Kujambuliratu zakuda ndi zoyera, kapena kuchotsa mitundu pambuyo pake?

Aliyense amene anajambulapo ku Nchalo kapena ku Bangula dzuwa lili paliwombo akudziwa kuti kuwala kwa m'chigwa cha Shire kumavutitsa kamera. Mitundu imafwifwa, mithunzi imada bii, ndipo m'mwezi wa Okutobala fumbi ndi utsi zimaphimba mapiri onse. N'chifukwa chake ambiri timathawira ku zithunzi zakuda ndi zoyera. Koma njira zilipo ziwiri: kuiuza kamera kuti ichotseretu mitundu pojambula, kapena kujambula za mitundu n'kudzazisintha pa foni kapena pa kompyuta.

Pafupifupi kamera ndi foni iliyonse imalandira mitundu, mufune musafune. Pamwamba pa sensa yake, kachipangizo kamene kamalandira kuwala, pali tisefa tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, toyalidwa mwa dongosolo limene Bryce Bayer wa kampani ya Kodak anapanga m'zaka za m'ma 1970. Mukasankha Monochrome, kutanthauza kujambula zakuda ndi zoyera, n'kusunga chithunzi ngati JPEG, mtundu wa fayilo ya chithunzi chokonzedwa kale, kamerayo imasakaniza yokha mitundu itatuyo, n'kutaya zotsalazo osadzabwezanso.

Vuto lake limaonekera bwino pa chitsanzo ichi. Mayi wavala chitenje chofiira ndipo akudutsa m'mbali mwa munda wa nzimbe. Ndi maso, mayiyo amaonekera patali. Koma kufiira kwa chitenjecho ndi kubiriwira kwa nzimbe kukakhala kowala mofanana, zonse ziwiri zimasanduka zotuwa mofanana, mwakuti mayiyo amalowerera m'masamba. Amene anasunga mitundu amangowalitsa kufiira n'kudetsa kubiriwira mu mapulogalamu okonzera zithunzi monga Lightroom kapena darktable, mayiyo n'kuonekanso bwinobwino. Snapseed, imene ambiri tili nayo pa foni, ilinso ndi zosefera zofiira, zachikasu ndi zobiriwira zothandiza pa zomwezo. Chimodzimodzi thambo la pamwamba pa dambo la Elephant Marsh: mukadetsa buluu, mitambo imaonekera ndipo msodzi amene waima m'bwato amasiyana ndi madzi.

Komabe kusinthaku kuli ndi malire. JPEG imasunga magawo 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW, fayilo yosunga zonse zimene sensa yalandira zisanakonzedwe, imatha kusunga magawo 16,384. Mukaikoka kwambiri JPEG, thambo limayamba kuoneka mizeremizere, ndipo nkhope za anthu akhungu lakuda zimene zinali mumthunzi zimadzaza timadontho. Choncho amene akufuna kudzasintha pambuyo pake ajambule RAW ngati kamera yake ikulola.

Sindikunena kuti kujambuliratu m'kamera n'kopanda phindu. Kumaphunzitsa maso. Munthu akamaona zakuda ndi zoyera pa sikirini amaleka kukopeka ndi mitundu, n'kuyamba kuona makwinya a khungwa la mlambe, mizere ya pa msana wa nyala ku Lengwe, ndi mbali imene kuwala kukuchokera. Chithunzi chimakhala chatha pomwepo, chosalira kompyuta kapena magetsi, ndipo chimatumizika pa WhatsApp nthawi yomweyo. Makamera ambiri a Canon ndi Nikon alinso ndi zosefera zofiira ndi zachikasu mkati mwa Monochrome, ngakhale ambiri sitizigwiritsa ntchito.

Alipo makamera opanda tisefa ta mitundu, monga Leica M Monochrom ya mu 2012 ndi Pentax K-3 Mark III Monochrome ya mu 2023. Amatulutsa zithunzi zakuthwa, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo pa dzuwa lathuli ali ndi chiopsezo: malo amene ayera mopitirira sabwezeka, pamene mu RAW ya mitundu nthawi zina mtundu umodzi umapulumuka n'kuthandiza kukonza enawo.

Ine ndimakonda kuika kamera pa RAW+JPEG n'kusankha Monochrome. Sikirini imaonetsa zakuda ndi zoyera, JPEG imatuluka yotero, koma RAW imasunga mitundu yonse. Choipa chake n'chakuti khadi yosungira zithunzi imadzaza msanga, popeza RAW imadya malo ochuluka kuposa JPEG. Kwa amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe, kutaya mitundu m'kamera n'kudziputira mavuto, chifukwa mawa lake akuchikazi adzafunsa chithunzi choonetsa mtundu wa nsalu imene onse anasoketsa.